Chifukwa Chake Ndinafika Pomalizira ku Chilumba

Tumpale ndi Gwamaka, ana anga, pali nkhani imene mwakula nayo m'nyumba muno yomwe si yoona, ndipo anailera ndine. Mumadziwa kuti pa mpikisano wothamanga uja wa khansa ya m'chikhodzodzo mayi anu anafika pomalizira, anthu atabalalika kale, chifukwa choti mwendo unakokana panjira. Mwandiseka nazo mokwanira, iwe Gwamaka mpaka kumatsanzira kutsimphina kwanga alendo akabwera. Mwendo sunakokane ayi. Ndinapatuka ndekha mumsewu, ndipo kumene ndinapita amadziwa ndi bambo anu, agogo anu aakazi ndi a Kaonga, mkulu wanga wa kuntchito, basi. Tsopano poti ndapuma pantchito ndipo agogo anu aamuna anatisiya, ndati ndilembe ndisanayambe kuiwala. Dzina lawo simulipeza muno. Sindinalitchulepo ndi pakamwa, sindiyamba lero ndi cholembera.

2001, Ngara

Ndinatsika basi pa Ngara ndili ndi satifiketi ya zachipatala, sutikesi imodzi ndi Chichewa cha kwathu ku Ntchisi. Mkulu wa kachipatala kamene ananditumako anali a Kaonga, bambo wamfupi wa mawu aakulu, woseka ndi thupi lonse. Anandiyang'ana thukuta likutsika m'khosi n'kunena kuti, "NyaBanda, kuno mudwala zinthu ziwiri, kutentha ndi Chitumbuka. Chitumbuka muchira. Kutentha ayi." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa loyamba linatayika, aliyense ankangoti NyaBanda kapena adokotala. Zosowa zinali zambiri. Magolovesi ankatha mwezi usanafike pakati, magetsi kunalibe, ndipo makina athu oonera tizilombo ankadalira kagalasi kotapa dzuwa pawindo, moti kukachita mitambo odwala tinkawauza kuti abwere kukawala. Koma ntchito ndinaiphunzira pamenepo, osati kukoleji.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri chinali likodzo. Anyamata ankakodza zofiira ngati sobo, abambo awo n'kumaseka kuti mwana wakula. Tinkapita m'masukulu ndi ndodo yoyezera msinkhu ndi mapiritsi akuluakulu aja, kupempha makolo kuti ana adye kaye asanamwe, ndi kufotokoza za nkhono za m'madzi mpaka mawu kusasa. Ana ankachira. Koma tsiku lina kunabwera msodzi wachikulire amene anamwa mapiritsiwo kangapo osasintha, mkodzo uli ndi zibuma za magazi, thupi litatha. Atatuluka, a Kaonga sanaseke. "NyaBanda, gwirani ichi. Mwana akakodza magazi, mapiritsi. Nkhalamba ikakodza magazi mapiritsi n'kukanika, musachedwe nayo, ipite ku Mzuzu. Likodzo likakhala m'thupi zaka zambiri limakanda chikhodzodzo, ndipo kwa ena chilondacho chimasanduka khansa." Msodziyo anapita mochedwa. Sanabwerere ndi miyendo yake.

2004 mpaka 2010, Wovwe

Bambo anu, a Lusekelo, ndinakumana nawo pa ntchito ya mapiritsi yomweyo, iwo akuphunzitsa sitandade sikisi. Makolo awo ndi Ankhonde a mbali ya ku Kaporo amene anatsikira ku Wovwe kudzalima mpunga musikimu. Nditangolowa m'banjamo, apongozi anga aakazi anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa malamulo a mkamwana, ndiko kunena mkazi wa mwana wawo. Apongozi aamuna sungawayang'ane, sungalankhule nawo, sungakhale nawo malo amodzi, dzina lawo sungalitchule. Ukawaona akubwera, umapatuka. Kwathu ulemu wa apongozi ulipo, koma uwu unali wina. Tsiku lina ndinakumana nawo pa kanjira kopapatiza ka pakati pa minda, uku madzi uku madzi, ine ndili mu yunifolomu yoyera. Ndinalumphira m'matope mpaka m'mawondo, n'kufunda chitenje kumutu. Anadutsa akutsokomola, ndipo ndikhulupirira kuti kunali kubisa phwete. Madzulo ake kunyumba kunafika sopo wamtanda. Umu ndi mmene tinkakonderana ndi agogo anu: mpunga woyamba kupuntha, mango, nkhuku ndikabereka, zonse kudzera m'manja mwa ena.

Iwe Tumpale utabadwa anandisamutsira ku chipatala cha pafupi ndi sikimu kuti ndikhale woyang'anira, a Kaonga n'kukwezedwa kupita kuboma. Aliyense anati ndachita mwayi kukhala pafupi ndi kwa amuna anga. Palibe anaganiza kuti kuyambira tsiku limenelo agogo anu atsekeredwa kunja kwa chipatala cha kwawo komwe. Akanalowa bwanji m'chipinda chimene wokhala pampando ndi mkamwana wawo? Akadwala ankangogula panado pagolosale.

Ndivomere kuti ndinali mayi wamantha. Zimene ndinkaona kuntchito ndinkabwera nazo kunyumba. Tumpale, ukukumbukira kambale koyera kamene ndinkakukodzetsamo m'mawa n'kumakapendeketsa padzuwa? Anzako akusambira mu ngalande, iwe unkaima pamtunda ukulira. Agogo anu atamva anatumiza mawu kudzera mwa bambo anu: "Mwana wa mlimi wa mpunga wosaponda madzi? Tonsefe tinakodza zofiira, si ife tili pano?" Ndinayankha kudzera njira yomweyo kuti ndamva, koma ku ngalande sunapitebe.

2011

Iwe Gwamaka unali usanasiye kuyamwa pamene agogo anu aakazi anabwera kuchipatala masana, odwala atatha, n'kutseka chitseko okha. Anamasula kathumba n'kutulutsa kabudula wa amuna awo amene anali asanamuchape.

"Mkamwana, ona. Ine ndatopa n'kubisa."

"Zayamba liti, amayi?"

"Tisanawokere mpunga. Kukodza amachita kubuula kuseri uko ngati ng'ombe. Ukawafunsa, akuti ndi likodzo la paunyamata labwerera."

Ndinawapatsa mapiritsi. Patapita nthawi ndinatumizanso ena. Sizinasinthe, ndipo msodzi wa ku Ngara uja anayamba kundibwerera m'maso. Bambo anu anayesa, koma mwana wamwamuna kufunsa bambo ake za mkodzo, mawu amathera pakhosi. Anabwerako atauzidwa kuti ayang'ane za choko. Ndinaimbira a Kaonga. Inali nthawi ija mafuta anasowa m'dziko muno, ambulansi ili gone pansi pa mtengo, koma iwo anapeza pogula a njinga yamoto n'kubwera. Agogo anu anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, anacheza za mitengo ya feteleza, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. A Kaonga anandipeza akupukusa mutu. "Mdala uja ndi mwala. Akuti ku Mzuzu kunapita mnzake n'kubwera m'bokosi. Ndati ndiye tiyambe tayeza konkuno, akuti, pachipatala pa mkamwana wanga? Ndati NyaBanda achokapo tsiku limenelo. Akuti, nanga anthu adziwa bwanji kuti wachokapo? Adzangoti mdala uja anakavula kwa mkamwana wake."

Mawu amenewo ndinayenda nawo masabata. Vuto silinali kuchokapo kwanga. Vuto linali loti Wovwe yense aone ndi maso kuti ndachokapo.

2012, kukonzekera

Chaka chimenecho kunamveka kuti madokotala ena ofufuza za matenda a chikhodzodzo akufuna kubwera m'boma lathu ndi makina ojambulira m'mimba onyamula pamanja, koma ankasowa njira yosonkhanitsira akuluakulu, chifukwa amuna achikulire sabwera ku misonkhano ya zaumoyo. Ndinakwera matola kupita kwa a Kaonga ndi ganizo langa. Tichite mpikisano wothamanga mtunda wautali, kuchokera ku Ngara, kukhotera musikimu ya Wovwe, kukathera ku Chilumba. Zimene anthu apereke zithandize kafukufukuyo ndi kugula timapepala toyezera mkodzo. Pa Wovwe tiike tenti yoyezera, ndipo mukhale amuna okhaokha.

"Nanga inu mukhala kuti, poti dera ndi lanu?"

"Ndithamanga nawo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi. Kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. "NyaBanda, inu amene mumapuma kawiri pokwera masitepe a ofesi ino?" Atatha kuseka ananena motsitsa mawu, "Ndaona. Mukakhala mumsewu ndiye kuti mu tenti mulibemo. Chabwino. Koma komiti isamve zimenezo."

Komiti sinamve. Tinayenda m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu a alimi. Asilikali a ku Chilumba anati athamanga nafe ndipo atibwereka matenti. Pa Chilumba pomwepo panali Che Amidu, mwini sitolo wochokera ku Mangochi, amene nditangotchula chikhodzodzo anasiya kuyeza shuga. "Adokotala, matenda amenewo anatenga achimwene anga. Tinkati ndi likodzo mpaka tsiku lowaika. Madzi a othamanga onse ndi anga, musapemphenso kwina." Mkangano unabuka pa mawu olemba pamatisheti. Ena ankafuna tingolemba kuti tithane ndi khansa, poti mawu oti mkodzo ndi olaula pachifuwa cha munthu. Ndinakana. Ndinati khansa aliyense amayesa ndi ya mnzake, koma mkodzo wake amauona yekha m'mawa uliwonse. Tinalemba kuti, "Magazi mumkodzo si uchamuna, kayezetseni." Abusa ena anakana kuvala. Ambiri anavala.

Kuzolowetsa thupi ndiye kunali chionetsero. Ndinkatuluka kukangocha, nditakuyamwitsa Gwamaka, nsapato za pakaunjika kuphazi, chitenje pamwamba pa buluku. Amayi opita kumunda ankaima n'kufuula, "Adokotala, wakuthamangitsani ndani?" Akabaza ankayenda pambali panga n'kumati, "Kwerani, lero ndi ulere!" Ndinkasanza m'mbali mwa msewu, zikhadabo za kuphazi zinada n'kugwa. Bambo anu ankandithira madzi amchere pamatuza. Tsiku lina anangoti, "Amake Tumpale, nanga bambo akapanda kubwera?" Ndinati abwera. Mumtima ndinalibe chogwira.

Juni 2012, tsiku lake

Tinanyamuka pa Ngara dzuwa lisanapse, gulu lalikulu kuposa mmene ndinkayembekezera: asilikali akuimba nyimbo zawo, aphunzitsi, asodzi opanda nsapato, atsikana a sekondale. Achangu anatisiya tisanafike patali. Ine ndinali m'gulu la kumbuyo, koma ndinkayenda bwino, ndipo galimoto ya chimkuzamawu inkalengeza m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde kuti adokotala a pa Wovwe nawonso ali mumsewu. Zimenezo ndinachita kupempha kuti azibwereza. Titakhotera musikimu, anthu anali ndandanda m'mbali mwa ngalande, akuimba nthungululu. Tenti inali pabwalo la sukulu, mzere wa amuna utatuluka mpaka panja. Ndinachepetsa liwiro. A Kaonga anali pakhomo pa tenti, ndipo ndisanafunse anapukusa mutu kuti agogo anu sanabwere.

Ndinathamangabe pang'ono, miyendo ikupita yokha. Madokotala aja anali oti anyamuka tsiku lomwelo. Pamphambano ya kanjira kopita kwa agogo anu ndinaima ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, anzanga n'kudutsa. Kenako ndinalowa kanjirako.

Agogo anu aamuna anali pakhonde akusoka thumba la mpunga. Nditangoona mapazi awo ndinatembenuka, n'kuyenda chambuyo mpaka pankhokwe, n'kugwada nditawafulatira, chitenje kumutu. Agogo anu aakazi anataya lichero.

"Mkamwana! Wapenga? Bambo ako ali pakhonde!"

"Ndawaona, amayi. Auzeni kuti mu tenti muli amuna okhaokha, ndipo madokotala achoka lero."

Anawauza. Yankho linabwera lodekha, lolunjika kwa akazi awo: "Muuze kuti ndamva. Muuzenso kuti anzake akumusiya."

Pamenepo ndiye ndinachita chimene mkamwana sachita. Chinkhonde changa chimathawa ndikachita mantha, choncho ndinalankhula Chichewa, chimene ankachimva bwino poti anagwirapo ntchito ya njanji ku Salima.

"Bambo."

Singano inasiya kulira pathumba. Agogo anu aakazi anagwira pakamwa.

"Bambo, ndikulankhula ndi inu. Magazi mukutayawo si likodzo la ana. Mapiritsi ndinatumiza kawiri, sanagwire, ndipo ndikudziwa kumene zotere zimathera chifukwa ndinaziona. Anthu onse mukuwamva mumsewumo ndawasonkhanitsa ndine, chifukwa cha inu. Ndathamanga kuchokera ku Ngara kuti pasapezeke munthu wonena kuti munakavula kwa mkamwana wanu. Mwambo ndauphwanya, ndikudziwa. Mundilipiritse, ndilipira. Koma wolandira chindapusacho akhale wamoyo."

Ndinkamva chimkuzamawu chikuzilala kutali. Ndinkadikira kuti andithamangitse, kapena aitanitse bambo anu kuti mkazi wawo abwerere ku Ntchisi. Atalankhula, sanalankhule ndi ine.

"Amake Lusekelo, mwana wa eniakeyu akuti wachokera ku Ngara?"

"Ee."

"Ndi miyendo?"

"Ndi miyendo. Simukuona nsapato zili magazi?"

Anatsokomola kutsokomola kuja kwa pakanjira. Kenako anati, "Muuze kuti munthu sangasinthe malaya mkamwana wake ali pabwalo. Abwerere mumsewu. Anauza anthu kuti akafika ku Chilumba, akafike. Ndikamva kuti wadutsa pamlatho, ine ndinyamuka."

Ana anga, pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito sindinakumanepo ndi chovuta ngati kudzuka pankhokwe paja. Paja a Kaonga nawonso anaperekezedwa ndi ulemu womwewo, koma agogo anu sanakayezetse. Ndikanatha kukakamira kuti sindichoka mpaka ndiwaone akupita, koma ndikanatero ndiye kuti ndawatsekeranso njira ndi thupi langa lomwe. Kuti apite, ndinayenera kuchoka osadziwa ngati apita. Ndinati, "Ndaga," kuthokoza kwa kwawo, n'kudzuka osacheuka.

Msewu ndinaupeza uli mbee. Oimba nthungululu anali atabwerera kuminda, matebulo a madzi atachotsedwa. Pamlatho ndinakuwa kwa amayi ochapa kuti akauze a kwa amuna anga kuti ndadutsa, iwo n'kumadabwa kuti nkhani yake ndi yotani. Kuchokera pamenepo ndinali ndekha ndi phula lotentha. Ndinkathamanga, kuyenda, kuthamanganso. Mawere anadzaza mkaka mpaka tisheti kunyowa. Minibasi ina inaima, kondakitala n'kuti, "Mayi, mpikisano unatha kale, kwerani." Ndinakana. Mdala anati ndikafike, ndipo ndinkaona ngati ndikakwera galimoto nayenso akhala pansi.

Ku Chilumba ndinapeza matenti atapasulidwa, mphoto zitaperekedwa, pabwalo pali mbuzi. Che Amidu okha ndi amene anali pamenepo, atakhalira kireti, chigubu cha madzi pambali.

"Adokotala! Ife timayesa mwabwerera ku Ntchisi wapansi. Ndinalonjeza madzi a othamanga onse, ndiye ndati sinditseka mpaka womaliza amwe."

Ndinamwa, ndinadzithira kumutu, n'kupempha foni yawo. Ndinaimbira a Kaonga.

"NyaBanda, muli moyo?" anatero a Kaonga.

"Abwera?"

"Abwera. Jekete, tayi, ngati akupita kukhoti. Ndipo sanabwere okha, akoka madala anzawo a mulaini mwawo, akuti sangavule yekha ngati wakuba." Kenako anawonjezera kuti, "Koma chithunzi sichili bwino. Chotupa chilipo. Madokotala akuti chikuoneka kuti chingachotsedwe, ndipo apita nawo pa galimoto yawo."

Ndinakhala pansi pafumbi n'kulira mokweza. Che Amidu, posadziwa kuti ndikulirira chiyani, anauza anthu amene anayamba kusonkhana kuti, "Ndi mwendo, wakokana. Apatseni mpata." Bodza lija linabadwira pamenepo, ine ndinangolilera.

Zaka zotsatira

Anawachita opaleshoni ku Lilongwe. Sindikunamizani kuti anachiriratu, matendawo anadzabwerera. Koma anakololanso mpunga kangapo, anakuona Tumpale ukulandira mphoto kusukulu, ndipo iwe Gwamaka njinga imene umaikumbukira, utakhala pakaliyala utagwira jekete, inali yawo. Mwa amuna amene anayezedwa tsiku lija, ambiri anangopatsidwa mapiritsi a likodzo, ena ochepa anatumizidwa ku Mzuzu nthawi ikadalipo. Mpikisanowo unachitikanso zaka zina pambuyo pake, ine ndili kogawa madzi.

Atabwerako kuchipatala ndinatumiza nkhuku ya chindapusa, mwakachetechete, kudzera mwa agogo anu aakazi. M'mawa mwake inabwerera itamangidwa miyendo, pamwamba pa beseni la mpunga, ndi mawu akuti, "Za wothamanga." Kuyambira pamenepo ndilo linali dzina langa kwa iwo. Mwambo unabwerera m'malo mwake. Sindinalankhule nawonso mpaka imfa yawo, ndipo tikakumana pakanjira ndinkalowabe m'matope. Atatsala pang'ono kutisiya, mu 2017, anaitana ana awo mmodzimmodzi. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, monga mwa malo anga. Agogo anu aakazi anatuluka n'kudzagwada pafupi nane.

"Akuti ndikuuze wothamanga kuti Gwamaka asamasambe mu ngalande."

2023

Ndinapuma pantchito ndisanakalambe, mawondo atayamba kukana, ndipo ndinachoka ndi mtima wokhazikika. Mwa zonse zimene ndinachita mu yunifolomu, tsiku limene ndimaliwerengera kwambiri ndi lija ndinaivula. Komabe pali ziwiri zimene ndimazitembenuza. Ndinayendetsa anthu ambirimbiri padzuwa, ndikuwauza kuti ndi za boma lonse, mumtima muli munthu mmodzi. Ndiponso ndinaitana apongozi anga kuti "Bambo" pabwalo pawo, chinthu chimene agogo anu aakazi mpaka lero akachikumbukira amagwira pakamwa. Munthu atati andibwezere pamphambano paja lero, ndikhoza kupatukanso. Koma ameneyo ndi ine. Inu ndinu adzukulu awo, mwambowo ndi wanu kuposa ine wobwera, ndipo njinga ija munaikwera ndinu. Ndiuzeni, ndinalakwa?